Silikoni wa kubafa anandiphera nsomba

Nkhaniyi ndakhala ndikufuna kuilemba kalekale chifukwa funso lake limangobwerabwera tikamacheza ndi anzanga oweta nsomba zokongoletsa, wina thanki yayamba kudontha, wina akufuna kumata mwala pamwamba pa unzake, wina kadziwe ka pabwalo kakuphwa usiku uliwonse, ndiye onse amafunsa chimodzimodzi, kodi guluu amene ndili naye m'nyumbamu ndingamatire? Ineyo funso limeneli ndinalifunsa mochedwa, nsomba zitafa kale.

Zinachitika chonchi. Ndinali ndi thanki ya galasi ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu, imeneyo ndi malita 54 ikadzadza mpaka kukamwa. Munali tinsomba totchedwa ma guppy 12, tina totchedwa ma corydoras tinayi, nkhono zingapo ndi tishirimpi tofiira tija timakonda kubisala m'zomera. Tsiku lina madzulo ndinaona tebulo lanyowa pakona imodzi, ndinapukuta, patapita ola lanyowanso. Mtima unali m'mwamba chifukwa madzi ndi magetsi zinali pafupi, ndiye ndinakumbukira kuti m'kabati muli chubu cha silikoni chotsala pomwe tinkamata m'mbali mwa bafa. Ndinasamutsira nsomba mu ndowa, kukhuthula madzi, kupukuta pakona paja ndi kansalu, kufinyira silikoni pamwamba pa wakale uja, kusalaza ndi chala basi. M'mawa mwake ndinakhudza ndi chala ndikumva kuti wauma, ndinathira madzi, kubweza nsomba, nkupita kuntchito mtima uli m'malo.

Zoyamba kuonetsa zinali nkhono. Tsiku lachiwiri zonse zinali zitagwa pagalasi zili pansi zitadzitsekera m'zigoba. Tishirimpi tinayamba kusambira mozungulira ngati tasokonezeka mutu kenako tinangogona chammbali. Tsiku lachitatu ma guppy anali pamwamba pa madzi kukamwa kuli yasa, makha akugunda mothamanga, zipsepse atazipinda. Ndinasintha madzi theka koma zinali zitapita kale, sabata isanathe ndinatsala ndi ma corydoras awiri okha. Ndipo thanki inayambanso kudontha pakona pomwe paja. Zinandiwawa kwambiri, mpaka pano ndikakumbukira zimandiwawabe, chifukwa tinsomba tija tinali tosadwala, tinali tikuswana bwinobwino, ndipo sitikanatha kuthawa madzi amene ine mwini ndinawaipitsa.

Nditatenga chubu chija nkuwerenga bwinobwino ndi pomwe ndinaona. Kutsogolo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti "mould resistant", kutanthauza kuti silikoni ameneyu samera chuku, ndipo kumbuyo m'timalemba ting'onoting'ono munali mzere wonena kuti asagwiritsidwe ntchito mu thanki ya nsomba. Zonse zinalembedwa, ine sindinawerenge.

Ndiye tiyeni tiyambe ndi silikoniyo poti ndi amene amasokoneza anthu ambiri. Silikoni payekha si woipa ayi, ndipotu pafupifupi thanki ya galasi iliyonse imene mwaionapo inamatidwa ndi silikoni. Akauma amakhala ngati labala, sasungunuka m'madzi, ndipo amagwira galasi molimba zedi chifukwa onse awiri, galasi ndi silikoni, maziko ake ndi silicon ndi okosijeni, ndiye amagwirana ngati pachibale. Vuto ndi zomwe opanga amathiramo. Silikoni wa kubafa ndi kukhitchini amakhala pamalo onyowa nthawi zonse pomwe chuku chimamera nkumudetsa, ndiye kuti asade amathiramo mankhwala opha chuku, mayina ake mukawapeza ndi monga OIT, DCOIT, carbendazim kapena zinc pyrithione. Mankhwalawa ntchito yake ndi yoti azituluka pang'onopang'ono silikoniyo akanyowa, mpamene amaphera chukucho. Taganizani, DCOIT yemweyu amamuthiranso mu penti wopaka kunsi kwa sitima zapamadzi kuti ndere ndi tizamoyo ta m'madzi tisamere pachitsulo. Kubafa zilibe kanthu chifukwa madzi amangodutsa nkupita. Mu thanki madzi ndi omwewo, amazungulira pompo usana ndi usiku, ndipo nsomba imawakoka kudzera m'makha mphindi iliyonse, makhawo ndi kachikopa kopyapyala kwambiri komwe magazi ali pafupi penipeni ndi madzi. Kudikira masiku ambiri sikuthandizanso pa silikoni wotereyu, akhoza kuuma mwezi wathunthu koma mankhwala aja ali momwemo, anapangidwa kuti akhalitse zaka.

Chinanso chomwe anthu sitiganizira, mu fyuluta, sefa yoyeretsa madzi a mu thanki, mumakhala mabakiteriya abwino aja amene amasandutsa amoniya wochokera m'zitosi za nsomba kukhala nitrite kenako nitrate. Mankhwala opangidwira kupha tizamoyo tating'ono sasankha kuti uyu ndi chuku uyu ndi bakiteriya wothandiza, ndiye fyuluta ikafooka amoniya amakwera, nsomba zikumenyedwa mbali ziwiri.

Silikoni woyenera ndi uti tsono? Wolembedwa kuti ndi wa akwariyamu, kutanthauza thanki ya nsomba, ameneyo ndiye wosakayikitsa, ndipo ine masiku ano ndimagula ameneyo basi ngakhale chubu chake chikhale chaching'ono. Anzanga ena amagwiritsa ntchito wamba wolembedwa "100% silicone" wopanda mawu alionse onena za chuku, ndipo zimawayendera, sindikutsutsa, koma muwerenge chubu chonse kutsogolo ndi kumbuyo chifukwa mawu oti 100% paokha satanthauza kuti mulibe mankhwala a chuku, pali machubu olembedwa zonse ziwiri. Fungo limathandizako kusiyanitsa mitundu. Pali silikoni amene mukafinya amanunkha ngati viniga mpaka kulasa m'mphuno, ameneyo akamauma amatulutsa asidi yemwe ali mu viniga, ndipo ndi mtundu umene opanga matanki a galasi amakonda. Pali wina wosanunkha kwambiri, amamutcha neutral cure, ameneyo akamauma amatulutsa zina monga methanol kapena oxime kutengera mtundu wake, amapangidwira zitsulo, konkire ndi mafelemu a mawindo. Koma chonde musadalire mphuno yokha, wa kubafa amene anandiphera nsomba uja ankanunkhanso viniga bwinobwino.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kufulumira. Silikoni sauma ngati matope kuti madzi aphwemo ayi, amauma pokoka chinyezi cha mumpweya, ndiye amayambira kunja kulowa mkati. Pakangotha mphindi 10 kapena 20 pamwamba pamachita kakhungu, ukakhudza mawa lake umaona ngati zatheka, koma mkati akadali phala. Kawirikawiri amauma mamilimita awiri kapena atatu pa maola 24, ndipo kukazizira kapena mpweya ukakhala wouma amachedwa kuposa apo. Mzere wonenepa wa pakona ya thanki ine ndimaupatsa masiku 7 athunthu, ndipo ndimalowetsa mutu mu thankimo kununkhiza, fungo la viniga likadalipo sindithira madzi. Likatha ndimadzaza madzi opanda nsomba, thanki ili panja kapena pamalo poti ikaphulika sipaonongeka kanthu, pansi nditayala mapepala kuti dontho lililonse lioneke, nkuisiya masiku awiri, kutaya madziwo, kenako mpamene nsomba zimabwerera.

Nanga chifukwa chiyani inadonthanso? Silikoni watsopano sagwira pa silikoni wakale wouma. Amangokhala pamwamba ngati chigamba, madzi amapeza njira pansi pake. Ukafuna kukonza zenizeni umayenera kupala wakale yense ndi lezala, osati pakona podontha pokha koma mizere yonse ya mkati kuti watsopanoyo akhale mzere umodzi wosaduka, kupala mpaka galasi lizilira ukakhudza, kupukuta ndi acetone kapena sipiriti nkudikira ziuluke, kumata tepi mbali zonse ziwiri kuti mzere uwongoke, kufinya, kusalaza kamodzi, kuchotsa tepi silikoni asanachite khungu. Amisiri omanga nyumba amakonda kuviika chala m'madzi a sopo posalaza, inu musatero, sopo ndi mdani wa makha a nsomba komanso akalowa pansi pa silikoni amalepheretsa kugwira. Ndipo samalani ndi lezalayo kuti isalowe pakati pa magalasi awiri, chifukwa kasilikoni kopyapyala kali pakati apo ndi kamene kanyamula thanki yonse, mzere wa mkati uja umangotchinga. Mukaona pakati pa magalasipo pali thovu kapena payera ngati pakutakasuka, kumata mkati sikuthandiza, thankiyo iyenera kuphwasulidwa nkumangidwanso. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, thanki ya malita 300 ndi makilogalamu 300 akukankha magalasi tsiku lililonse, si zoseweretsa pabalaza pomwe ana amakhala pansi.

Apa ndikunena za galasi. Ngati thanki yanu ndi ya acrylic, pulasitiki yoonekera ija, silikoni sagwira bwino, mungomuvundukula ndi chikhadabo. Acrylic amailumikiza ndi mankhwala amadzimadzi amene amasungunula m'mphepete mwa zidutswa ziwirizo nkuzisandutsa chimodzi.

Tsopano supa guluu, amene anandidabwitsa kwambiri. Nditataya nsomba zija ndinkaopa guluu aliyense, ndiye tsiku lomwe mnzanga wina anandionetsa akudonthezera supa guluu pa muzu wa chomera nkuchikanikiza pamwala kenako nkuponya mu thanki muli nsomba, ndinakuwa. Koma iye anali kulondola. Supa guluu ndi cyanoacrylate, ndipo chomwe chimamuumitsa ndi madzi amene. Nchifukwa chake amamata zala msangamsanga kuposa china chilichonse, pakhungu pamakhala kachinyezi. Akangokhudza madzi amalimba m'masekondi ochepa nkukhala kapulasitiki kouma, mpata woti asungunukire m'madzi palibe. Mbiri yake ndi yosangalatsanso, wasayansi wa ku America Harry Coover ndi anzake anakumana ndi mankhwalawa mu 1942 nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse akufufuza pulasitiki yoonekera yopangira zoyang'anira pamfuti, anawasiya chifukwa ankangomata chilichonse chomwe akhudza, ndipo kampani ya Eastman Kodak inadzayamba kuwagulitsa ngati guluu mu 1958 pa dzina loti Eastman 910. Lero oweta ma coral, tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati zomera kapena miyala, m'matanki a madzi amchere amamatira tizidutswa ta coral tamoyo ndi guluu yemweyu, ndipo ma coral ndi osachedwa kufa kuposa nsomba zambiri.

Ine ndimakonda wa jelo, wolimbirako uja, chifukwa sayenderera. Pomata zomera monga Anubias kapena Java fern pa chikuni kapena pamwala, kadontho kamodzi kapena tiwiri pa mizu nkokwanira, osakuta tsinde lokwawa lija lomwe masamba amatulukirapo, mukalikuta lonse limaola ngati momwe limaolera mukalikwirira mumchenga. Akauma m'madzi amasiya chizindikiro choyera chosaoneka bwino, ndiye ikani pang'ono ndipo pobisika, kapena wazani mchenga pamwamba asanaume. Pomanga miyala anthu amapanikiza kathonje kapena katishu pakati pa miyala iwiri nkudonthezera supa guluu wamadzimadzi, zimagwira ngati mwala umodzi, koma apa chenjerani, thonje ndi supa guluu zikakumana zimatentha kwambiri mpaka kufuka utsi woyabwa m'maso, zikhoza kukuwotchani chala, ndiye chitirani panja kapena pawindo ndipo musavale magolovesi a thonje. Chomwe supa guluu sangachite ndi kutseka thanki yodontha kapena kulumikiza magalasi. Ndi wophwanyika, satamuka ngati labala, galasi likangopindika pang'ono ndi kulemera kwa madzi iye amathetheka. Onaninso kuti pachubu palembedwa cyanoacrylate, chifukwa pali maguluu ena a m'timachubu tofanana amene ndi zinthu zina.

Epokisi, ija ya mbali ziwiri yomwe umasakaniza, kaya yamadzimadzi kaya yokanda ngati dongo, ikauma bwinobwino ilibe vuto ndipo imagwira miyala yolemera yomwe supa guluu sangaithe. Mawu ofunika ndi oti bwinobwino. Mbali ziwirizo pazokha ndi zoipa kwa zamoyo za m'madzi, makamaka youmitsayo, zimakhala zotetezeka pokhapokha zikadyana zonse nkusanduka chinthu chimodzi cholimba. Mukapyola muyezo mbali imodzi kapena mukasakaniza mwaulesi, pamatsala ina yosauma yomata m'manja, imeneyo ndi imene imalowa m'madzi. Yokandayo muikande mpaka mtundu ukhale umodzi wopanda mizeremizere. Ndipo pewani zija zokonzera zitsulo zomwe anathiramo ufa wa chitsulo kapena wa kopa, kopa ngakhale wochepetsetsa amapha shirimpi ndi nkhono.

Enawa sindichedwapo. Guluu woyera wa matabwa ndi mapepala amafewa nkusungunuka m'madzi, madzi amachita mbuu, palibe chomwe mwamata. Guluu wa nsapato wonunkha uja, wopaka mbali zonse nkudikira, ndi wodzadza ndi mankhwala ouluka monga toluene, mu thanki ayi. Guluu wa kandulo wosungunula ndi kamfuti kamagetsi sapha nsomba kwenikweni koma m'madzi amamatuka pakapita nthawi, mudzangopeza mwala wagwa, mwina wagwera pagalasi. Zomata zomangira nyumba za m'machubu akuluakulu ndi zomata za acrylic zotsekera ming'alu ya khoma, zija zimalola penti, zisiyeni kukhoma komweko.

Guluu wa mapaipi a PVC amaopsa anthu chifukwa cha fungo lake lamphamvu, koma ameneyu ndi wabwino akauma. Si guluu weniweni, ndi mankhwala osungunula amene amafewetsa paipi ndi cholumikizira kuti zilowane, kenako amauluka. Ndi yemweyo amalumikizira mapaipi a madzi akumwa. Mpatseni tsiku lathunthu kapena awiri, tsukani mapaipiwo podutsitsa madzi nkuwataya, basi.

Tibwere ku dziwe la pabwalo, komwe ndinatsala pang'ono kulakwitsanso. Anthu amati dziwe ndi lalikulu ndiye kaguluu pang'ono sikangachite kanthu, ndipo nzoona mbali ina, kadziwe ka mamita awiri m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi theka la mita kuya kali ndi malita 1,000, kuposa thanki yanga ija maulendo 18. Koma kudziwe sitimata kadontho, timapaka malo aakulu, ndowa yathunthu ya penti kapena thumba la simenti. Komanso dziwe si la nsomba zokha, muli achule ndi ambululu amene khungu lawo limamwa chilichonse chili m'madzi, mbalame zimamwa pomwepo, galu naye amamwa pomwepo.

Dziwe likamaphwa musathamangire guluu. Zimitsani pampu kaye muone. Madzi akasiya kutsika ndiye kuti bowo lili ku mapaipi kapena ku kamathithi komwe madzi amatsikira pamiyala, nthawi zambiri ndi komweko, madzi amangothawira kumbuyo kwa mwala. Akapitiriza kutsika asiyeni mpaka aime okha, bowo lili pamzere pomwe aimapo, muzungulire ndi chala mulipeza, bola nsomba muzichotse madzi asanachepe kwambiri.

Mukalipeza funso ndi loti chinsalu choyala pansi pa dziwecho ndi cha chiyani, chifukwa chilichonse chili ndi chomata chake. Cha labala ya EPDM, chofewa chotamuka ngati chubu cha tayala, chimafuna chigamba chake ndi mankhwala opaka poyamba aja amati primer, umatsuka, kuumitsa, kupaka, kudikira kuti anyaname, kuika chigamba nkukanikiza mwamphamvu. Cha PVC chimafuna chigamba cha PVC ndi guluu wa PVC yofewa. Cha polyethylene, cholimba choterera chija, pafupifupi guluu aliyense amachikana, njira yodalirika ndi kuwotcherera ndi mpweya wotentha. Silikoni amene timamudalira pagalasi uja apa ndi wachabe, pa labala ndi pa mapulasitiki amenewa amangomatuka. Pali zomata zina zatsopanoko zotchedwa MS polymer zomwe zimagwira ngakhale ponyowa ndipo zina zimapangidwira maiwe a nsomba, ndazigwiritsapo ntchito pomata pomwe paipi ikudutsa ndipo zinagwira, koma lamulo ndi lomwe lija, mtundu wa kubafa wa zomata zimenezi nawonso umakhala ndi mankhwala a chuku, ndiye tengani cholembedwa kuti ndi cha dziwe.

Thovu lofufuma la polyurethane, lomwe amatsekera mipata pakati pa miyala ya pa mathithi kuti madzi aziyenda pamwamba osati pansi, likauma silivuta. Likadali lonyowa lili ndi ma isocyanate, oipa kwa nsomba komanso kwa inu amene mukupuma pamenepo, ndiye valani magolovesi, pampu ikhale yozimitsa mpaka mawa lake. Lachikasu wamba lija dzuwa limalifumbutsa nkumagwera m'madzi ngati ufa, lakuda lopangira maiwe limapirirako.

Koma chimene chimapha nsomba zambiri m'maiwe atsopano si guluu wa m'chubu ayi, ndi simenti. Sitiiwerengera ngati chomata koma ndi imene timamatira miyala m'mphepete, kumangira mathithi, kutseka ming'alu. Simenti yatsopano imatulutsa laimu m'madzi, ndipo pH, muyezo woonetsa ngati chinthu ndi cha asidi kapena cha alikali ngati laimu, pa konkire yatsopano imakhala cha pa 12 mpaka 13, pomwe nsomba za goldfish ndi koi zimakhala bwino cha pa 7 mpaka 8. Madzi otere amawotcha makha ndi khungu. Kuonjezera apo pH ikakwera amoniya amasanduka mtundu wake woopsa uja, pa pH 7 gawo loopsalo silifika ngakhale 1 peresenti, pa pH 9 madzi ali ofunda limafika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndiye amoniya yemwe dzulo sanali kanthu lero akupha. Ine nditamanga kamathithi kanga ndi miyala ndi simenti ndinali nditaphunzira kale, ndinayeza madzi tsiku lachitatu, kapepala koyezera kanafika kumapeto kwa mitundu yake. Ndinasiya simentiyo ikhwime pafupifupi mwezi, omanga amawerengera masiku 28, ndikudzaza, kusiya masiku angapo, kutaya, kudzazanso, mpaka pH ya m'dziwe inafanana ndi ya madzi omwe ndimathira ndipo inakhala pompo sabata yathunthu. Njira ina ndi kupaka penti wotsekera wopangidwira maiwe a nsomba kuti laimu asatuluke. Phula ndi mapenti akuda otsekera madenga musayese, ambiri ali ndi mafuta ndi mankhwala osungunula, mudzaona utawaleza pamwamba pa madzi, ndipo madzi a mvula otsika pa simenti yatsopano ya m'mbali mwa dziwe nawonso amabweretsa laimu yemweyo.

Masiku ano ndisanagule chomata chilichonse ndimachita zinthu zomwe zimatenga mphindi zisanu. Kuwerenga chubu chonse ndi timalemba take tating'ono. Kenako kulemba dzina lake pa intaneti pamodzi ndi zilembo zoti SDS, limenelo ndi pepala lomwe wopanga amalembapo zoopsa za katundu wake, mumapeza mayina a mankhwala aja ndatchula ngati alimo, ndi manambala monga H400, H410 kapena H411 omwe amatanthauza kuti chinthucho ndi poizoni kwa zamoyo za m'madzi, palinso kachithunzi ka nsomba yakufa pafupi ndi mtengo wouma. Kungoti pepala limeneli limanena za katunduyo ali m'chubu asanaume, nchifukwa chake ngakhale epokisi yabwinobwino imakhala ndi kachithunzi ka nsomba yakufa. Ndiye muzisiyanitsa, pali choipa chomwe chimatha chinthucho chikauma, monga mbali ziwiri za epokisi kapena fungo la guluu wa mapaipi, apo yankho lake ndi kudikira. Pali choipa chomwe anachiikamo dala kuti chikhalebe chikugwira ntchito chinthucho chitauma, monga mankhwala a chuku, apo kudikira kulibe phindu, chubucho chibwerere kubafa.

Ngati mukuwerenga izi mutamata kale ndipo nsomba zayamba kupumira pamwamba, musadikire kuti muone mawa. Zichotseni pompano muziike mu ndowa yoyera yosagwirapo sopo, madzi atsopano ochotsedwa klorini otentha mofanana ndi a mu thanki, muikemo kapampu ka mpweya. Kusintha madzi mu thanki momwemo kumangochepetsa kwa maola ochepa chifukwa gwero likadali momwemo, ndi zomwe ndinachita ine nkutaya nazo masiku. Makala a fyuluta aja amati activated carbon amayamwa mankhwala ambiri otere ndipo amathandiza, koma silikoni woipayo ayenera kupalidwa yense, mchenga kutsukidwa, ndipo muziyeza amoniya ndi nitrite kwa masabata angapo poti mabakiteriya a mu fyuluta akhoza kukhala atafa. Masiku amene nsomba zili mu ndowa muzidyetsa pang'ono kwambiri ndi kusintha gawo la madzi tsiku lililonse, zimapirira sabata bwinobwino, ndipo vindikirani ndowayo chifukwa nsomba yodzidzimuka imadumpha.

Thanki ija ndinaipala yonse nkuimatanso ndi silikoni wa akwariyamu, ilipobe mpaka lero ndipo sinadonthenso, ma corydoras awiri opulumuka aja anakhala zaka zina zitatu. Panopa ndikulemba izi kudziwe kuli chigamba chatsopano pa labala pomwe muzu unaboola, ndachiika dzulo masana, madzi ndawatsitsa mpaka pansi pa bowo, nsomba zili m'munsimo zikusambira, ambululu omwe anali m'mphepete ndawatolera m'beseni pamthunzi. Ndidzadzaza Loweruka ndikakanikiza m'mbali mwa chigambacho ndi chikhadabo nkuona kuti sichikutukuka.